Mwana wa m'buku langa akungothawa, nkhani yaima: kodi ndilisiye?

*"Bambo mkonzi, ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimalemba usiku ana akagona. Ndatha chaka ndi miyezi inayi ndikulemba buku langa loyamba, nthano yaitali yoika mtima m'mwamba. Mwininkhani ndi mnyamata wa zaka 12 amene anaona wapolisi akupha munthu m'nyumba yosungiramo katundu. Usiku womwewo nyumbayo inapsa, ndipo mboni ina inati inaona mnyamatayo akutulukira pazenera. Tsopano akumusaka ngati wotentha nyumba ndiponso wakupha. Mitu isanu yoyamba inayenda bwino, koma ndafika mutu 14 ndipo nkhani yafa. Akungothawa, kubisala, kuthawanso. Anzanga awiri amene awerenga akuti mwanayo akuganiza ngati munthu wamkulu, ndipo mmodzi anandifunsa kuti, bwanji sanangouza aphunzitsi ake kapena amayi ake? Ndinasowa choyankha. China chimene sindinauzepo munthu n'chakuti inenso ndinathawapo panyumba ndili ndi zaka 13, masiku awiri okha, ndipo ndikalemba mitu ya usiku tulo sindilipeza. Kodi ndilisiye bukuli?"*

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi zonsezi, makamaka mawu omaliza aja. Amenewo ndiwayankha kumapeto, chifukwa ndi ofunika kuwakamba modekha. Funso lanu lenileni ndiliyankhe pompano: bukuli musalisiye. Pa zaka zambiri zimene ndakhala ndikuwerenga ndi kukonza zolemba za alembi atsopano, nkhani za munthu wothawa pafupifupi zonse zimadwalira pamalo pomwe yanu yadwalira, pakatikati. Poyambira pamakhala moto, chifukwa tsiku loyambalo mlembi amakhala ataliona m'maganizo kambirimbiri. Akafika pakati m'pamene amazindikira kuti liwiro lokha silingasenze buku. Koma taonani, anzanu aja anawerenga mpaka mutu 14, wina mpaka kukufunsani mokwiya. Munthu safunsa kuti "bwanji sanauze amayi ake" za mwana amene sanamulowe mumtima.

Funso la mnzanuyo ndiye mzati wa buku lonse, choncho tiyambire pomwepo. Munthu wamkulu aliyense akaona mwana ali pamavuto, mtima wake umathamangira kufuna wina woti amulandire. Ngati simunamuonetse wowerenga kuti njira imeneyo ndi yotsekeka, aziwerenga uku akung'ung'udza, ndipo chilichonse chimene mnyamatayo akumane nacho chizioneka ngati chodzifunira. Kungolemba kuti "ankaopa kuti samukhulupirira" sikokwanira. Mulekeni ayese, ife tikuona. Alawirire kwa mphunzitsi amene amamukonda, afotokoze mawu akumuthawa pakamwa. Mphunzitsiyo akhale munthu wabwino ndithu. Amupatse madzi, amukhazike pansi, kenako achite chimene munthu wabwino aliyense angachite, ndiko kuimbira apolisi. Galimoto ikaima panja, wotsikamo akhale wapolisi wakupha yemwe uja. Mukalemba bwino chochitika chimenechi palibe adzafunsenso, ndipo mwanayo adzakhala ataphunzira chinthu chowawa chomwe chidzamutsogolere mpaka kumapeto, chakuti ngakhale omufunira zabwino angathe kumupereka m'manja mwa womusaka iwo osadziwa.

Kwa amayi ake, chomutsekera njira chikhale chikondi. Afike panyumba usiku, asuzumire pazenera, aone wapolisi uja atakhala pampando, chipewa chili pabondo, akulankhula ndi amayi ake mwaulemu wonse. Sanawaopseze, sanakweze mawu. Koma mwana wamva uthenga wake: ndikudziwa pamene amayi ako amagona. Kuyambira usiku umenewo akuthawa kuti awateteze, ndipo wowerenga sangamudzudzule.

Ndikupempheninso kuti mumupatse kamlandu kakekake, kakang'ono koma kenikeni. Mwanena kuti nyumbayo inapsa. Bwanji ngati mnyamatayo anali atayatsa kandulo m'menemo, n'kuisiya ikuyaka pothawa? Ife tidzadziwa pambuyo pake kuti motowo anayatsa ndi wapolisi pofuna kufafaniza umboni, koma mwanayo mumtima mwake akukhulupirira kuti ndi kandulo yake ija. Ana amasenza milandu yosakhala yawo mosavuta kwambiri. Makolo akasiyana, mwana amaganiza kuti n'chifukwa cha kusamvera kwake. Mwana wodziona kuti ndi wosalakwa amafunafuna womumvera, pamene wodziona kuti walakwa amabisala ngakhale kwa amene akumutambasulira manja. Wachiwiriyu ndi amene angakusenzereni mitu makumi atatu.

Tsopano za mwana woganiza ngati wamkulu. Vutoli limagwira mlembi amene amamukonda mwininkhani wake. Mumafuna apulumuke, ndiye mumamubwereka nzeru zanu osazindikira. Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland amene anafufuza kakulidwe ka maganizo a ana, anaona kuti ana a zaka za pakati pa 7 ndi 11 amaganiza bwino pa zinthu zimene akuziona ndi kuzigwira, ndipo luso loyerekeza zinthu zomwe sizinachitike, lija lakuti "ndikachita ichi iwo achita icho, ndiye ine ndidzatero", limayamba kukhwima cha m'ma 11 kapena 12. Mnyamata wanu ali pamalire penipeni. Komanso mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kukonzekera zam'tsogolo, imapitiriza kukula mpaka munthu atayandikira zaka 25. Choncho mapulani a mwana wanuyo azifika madzulo a tsiku lomwelo basi. Akatola ndalama pang'ono agulire chotsekemera chimene maso ake agwerapo, madzulo n'kumabuula ndi njala. Akamva mpira ukugunda kuseri kwa mpanda, aiwale kwa mphindi khumi kuti akusakidwa, alowe m'bwalo, agoletse chigoli, n'kutchula dzina lake lenileni anzakewo atamufunsa. Owerenga adzagwira mutu pamenepo, ndipo adzamukonda kuposa kale.

Tengani cholembera chofiira, mudutse m'mitu yonse 14, mulembe mzere kunsi kwa chisankho chilichonse chanzeru chimene mnyamatayo wachita. Kenako pa chilichonse mudzifunse kuti nzeru imeneyi anaitenga kuti. Ngati anaiphunzira pamasewero obisalirana, kapena anaonera agogo ake, kapena anapsa nayo m'mutu wam'mbuyo, isiyeni. Ngati anaitenga kwa inu, ichotseni, ndipo m'malo mwake muikemo cholakwa chimene mwana angachite. Muonenso mawu amene akuganizira. Mwana sanena mumtima kuti "chilungamo chapotozedwa". Amanena kuti "akunama, ndipo aliyense akumumvera iyeyo".

Musaiwale msinkhu wake. Zimene iye amaona ndi malamba, zikwama, manja a anthu, makiyi olendewera m'chiuno. Munthu woopsa amamuzindikirira ku nsapato asanaone nkhope. Ungono wakewo ndi chida chakenso, ndipo apa ndi pamene nkhani ya mwana wothawa imaposa ya munthu wamkulu. Akulu sayang'ana ana. M'mawa, pakati pa ana ovala yunifolomu opita kusukulu, mnyamata wanu saoneka n'komwe. Belu likangolira misewu n'kuyera, yunifolomu yomweyo imasanduka mbendera yomuulula. Usiku ndiye woipitsitsa. Bambo woyenda yekha pakati pa usiku palibe amamufunsa, koma mwana ali yekha nthawi imeneyo aliyense amatembenuka. Sangachite lendi chipinda, sangayendetse galimoto, sangapemphe ntchito osafunsidwa kuti makolo ako ali kuti. Tsiku lake lili ndi maola amene ali mfulu ndi maola amene ali nyama yosakidwa, ndipo mukalitsata bwino dongosolo limeneli, lokha likupatsani zochitika zambiri.

Thupi lakenso lilankhule. Ndinakonzapo zolemba zina m'mene mtsikana wa zaka 10 anayenda makilomita 40 usiku umodzi, kutacha n'kumacheza bwinobwino. Munthu wamkulu wathanzi amayenda pafupifupi makilomita 5 pa ola panjira yabwino. Mwana wanjala, mumdima, ndi nsapato zomuluma, sangafike pamenepo, ndipo tsiku lachiwiri mapazi amakhala ali matuza okhaokha. Ana a zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12 pa tsiku. Mwana amene wagona maola atatu kwa masiku anayi amalira popanda chifukwa, amaona zinthu zomwe palibe, amagona tulo tofa nato pamalo pomwe sayenera kugona. Ludzu limapha msanga kuposa njala, chifukwa popanda madzi munthu amatha masiku atatu okha kapena kupitirirapo pang'ono, pamene popanda chakudya amatha milungu. Thupi laling'ono limatayanso kutentha msanga kuposa la wamkulu, ndipo kutentha kwa thupi kukatsika n'kufika pansi pa madigiri 35 munthu amayamba kusokonezeka maganizo. Mvula ya usiku umodzi ingakhale mdani woopsa kuposa wapolisi uja. Zinthu zimenezi zimamukakamiza mwana kutuluka pobisala kukafuna anthu, ndipo pamene pali anthu m'pamene pali nkhani.

Tifike pa chimene chapha mutu 14. Mwanena nokha: akuthawa, kubisala, kuthawanso. Mitu imeneyo ingathe kusinthanitsidwa malo popanda chosokonekera, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro cha matendawa. Pali mankhwala awiri, ndipo onse ndi ofunika.

Oyamba ndi akuti mutu uliwonse umulande kanthu. Atuluke m'mutu wachisanu ndi chimodzi alibe jekete. M'wotsatira ataye chithunzi cha amayi ake. Kenako abe koyamba m'moyo wake, ataye dzina lake la mwana wabwino. Kenako anamize munthu amene anamuchitira chifundo. Akapulumuka mwaulere kawiri kotsatizana, wowerenga amasiya kuopa.

Achiwiri ndi aakulu kuposa oyambawo. Chapakati pa buku, mwanayo asiye kungothawa chinthu, ayambe kulondola chinthu. Pakhale malo oti akafike, munthu woti akamupeze, ndi tsiku lomwe likadutsa zonse zatha. Mwina usiku uja anatola kiyi kapena kapepala kamene kanagwa m'thumba la wophedwayo, ndipo wakhala nako m'sokosi osadziwa ntchito yake. Pa mutu 14 pomwepo azindikire kuti kanthu kameneko ndi kamene wapolisi akufuna, osati iyeyo. Mwina amve pa wailesi kuti munthu wina wosalakwa, mlonda wa nyumba ija, wamangidwa ndipo mlandu wake ulowa m'khoti Lachisanu. Tsopano mwana ali ndi chosankha, kupitirira kutali kumene ali wotetezeka kapena kubwerera kumene kuli moto. Akatembenuka n'kuyamba kubwerera, buku lanu ladzuka.

Palinso nkhani ya nthumanzi, imene alembi ambiri amaisokoneza ndi kudzidzimutsa. Alfred Hitchcock, mkulu wopanga mafilimu uja, anaifotokoza bwino pocheza ndi François Truffaut, wopanga mafilimu wa ku France, mu 1962. Anati anthu awiri akamacheza patebulo bomba n'kuphulika mwadzidzidzi, oonera amadzidzimuka masekondi 15 okha. Koma mukawaonetsa bombalo lili pansi pa tebulo, n'kuwauza nthawi yomwe liphulike, macheza wamba omwewo amawaimika mtima kwa mphindi 15. M'nkhani ya mwana bomba limeneli mumalipeza mwaulere, chifukwa wowerenga wamkulu amadziwa zambiri zimene mwana sadziwa. Ndikupatseni chitsanzo. Mnyamata wanu anamvapo kuti apolisi amalondola munthu pa foni, ndiye achotsa simukhadi, agula ina, n'kudziona wochenjera. Koma foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15, yotchedwa IMEI, imene imaonekera ku kampani ya mafoni ngakhale mutasintha simukhadi, ndipo nsanja zimene foniyo ikulumikizana nazo zimasonyeza dera lomwe ili. Muonetseni wowerenga zimenezi m'mutu wam'mbuyo, kudzera m'maso a omusaka. Kenako mwanayo ayatse foni kuti angomva mawu a amayi ake kamodzi kokha. Simufunikanso kufuula. Wowerenga akhala akumukuwira yekha kuti thimitsa, thimitsa.

Zimenezi zikutifikitsa pa chisankho chakuti nkhaniyi akuikamba ndani. Mukalemba kuti "ndinathamanga, ndinabisala", mwana akudzikambira yekha, wowerenga amakhala pafupi naye kwambiri, koma mumadzimanga manja, chifukwa simungatuluke kukaona zimene omusaka akuchita, komanso mawu onse ayenera kukhala a mwana kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Imeneyi ndi ntchito yovuta pa buku loyamba. Mukalemba kuti "anathamanga, anabisala", mungathe kusinthanitsa mitu, wina wa mwana, wina wa omusaka. Kuopsa kwake n'kwakuti mitu ya akuluakulu imakoma kulemba, ndipo mlembi amapezeka wamusiya mwana m'tchire masamba makumi anayi. Kwa inu ndingasankhe njira yachiwiriyi, koma mitu ya omusaka ikhale yaifupi, ndipo pa mitu itatu iliyonse iwiri ikhale ya mwana.

Omusakawo akhale awiri. Wina ndi wakupha uja, amene akufuna amupeze yekha, kopanda mboni. Wina akhale wapolisi woona mtima, kapena wogwira ntchito yoteteza ana, amene akumusaka kuti amupulumutse koma akukhulupirira umboni wabodza womwe mnzakeyo wamupatsa. Mwana sangathe kuwasiyanitsa. Onse avala mofanana, onse akumuitana ndi mawu okoma. Ife tikudziwa kuti akuthawa munthu yekhayo amene angamuthandize, ndipo zimenezo zimapweteka kuposa mfuti. Wakuphayo musamujambule ngati chilombo. Akhale ndi ana akeake, azikondedwa kuntchito, azidziwa kulankhula ndi ana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo owerenga amaopa kwambiri munthu amene iwonso akanamukhulupirira.

Anthu okumana naye panjira muwasamale. Aliyense akhale funso kwa mwanayo: uyu andithandiza, andigulitsa, kapena andipweteka? Pewani mlendo wachifundo amene amangotulukira pomwe zavuta, n'kupereka chakudya, malo ogona ndi malangizo, kenako n'kuzimiririka. Wothandiza aliyense akhale ndi chifukwa chake, ndi mantha ake, ndipo chithandizo chakecho chimudyere kanthu. Zimathandizanso kwambiri kumupatsa mnzake woyenda naye kwa mitu ingapo, makamaka mwana wocheperapo kuposa iye. Mwana ali yekha amangoganiza, ndipo masamba a maganizo okhaokha amalemera. Akakhala ndi wina woti amutonthoze, amunamize kuti zonse zili bwino, amugawire kochepa komwe ali nako, timamuona akukula ife tikupenya.

Mbali imene alembi ambiri amaidumpha ndi ya malamulo, ndipo safunsa anadya phula. Dziwani bwino dziko limene nkhani yanu ikuchitikira, chifukwa zaka 12 zili ndi tanthauzo losiyana malinga ndi dziko. Ku England ndi ku Wales mwana angaimbidwe mlandu kuyambira zaka 10. Ku Germany ndi kuyambira zaka 14, kutanthauza kuti kumeneko mnyamata wanu sakanazengedwa mlandu m'khoti la milandu n'komwe, ngakhale iye mwini sangadziwe zimenezo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, la m'chaka cha 1989, limati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Gawo 37 la panganolo limati kumanga kapena kutsekera mwana kuzikhala njira yomaliza, kwa nthawi yochepetsetsa, ndipo asasakanizidwe ndi akaidi akuluakulu. Gawo 40 limati chinsinsi cha mwana woganiziridwa mlandu chizisungidwa. Mu 2019 komiti yoyang'anira panganoli inalimbikitsa maiko kuti msinkhu woimbira mwana mlandu usachepere zaka 14. N'chifukwa chake m'maiko ambiri simungaone chithunzi cha mwana wa zaka 12 chitamatidwa pakhoma ndi mawu akuti "wofunidwa". Chimene mungaone ndi chakuti "mwana wasowa, tithandizeni". Interpol, bungwe lolumikiza apolisi a maiko osiyanasiyana, imatulutsa chidziwitso chofiira cha anthu ofunidwa pa milandu ndi chachikasu cha anthu osowa, amene nthawi zambiri amakhala ana. Ku America kuli dongosolo la AMBER Alert, limene linayambira ku Texas mu 1996, lofalitsa msanga uthenga wa mwana wobedwa. Taganizani mmene zimenezi zingakometsere nkhani yanu. Wakupha uja safunika kunena kuti mnyamatayo ndi chigawenga. Angolengeza, nkhope ili yachisoni, kuti mwana wasowa ndipo amayi ake sakugona. Anthu onse amtima wabwino asanduka maso ake.

Musanamalize kukonza bukuli, pezani loya wodziwa milandu ya ana kapena wogwira ntchito yosamalira ana, awerenge mitu yokhudza apolisi ndi khoti. Ola limodzi ndi munthu wotere lidzakupulumutsani ku zolakwa zimene mkonzi ngati ine sangazione.

Za nkhanza ndilankhule mosabisa. Mwana amene ali yekha mumsewu amakumana ndi zoopsa zenizeni, kuphatikizapo akuluakulu ofuna kumugwiritsa ntchito zonyansa. Buku loona mtima silinganamizire kuti zimenezo kulibe. Koma simufunika kuzijambula. Dzanja lokhalitsa paphewa, chitseko chimene chakhomedwa mwakachetechete, mwana n'kudumphira pazenera asanamvetse chomwe chamuopsa, zimenezo n'zokwanira, ndipo wowerenga wamkulu amva zonse. Kuvutika kwa mwana kusakhale chokometsera nkhani. Muganizirenso amene mukumulembera. Ngati ndi akuluakulu, muli ndi malo ambiri, ndipo mabuku a mtundu umenewu nthawi zambiri amakhala ndi mawu a pakati pa 70,000 ndi 90,000. Ngati ndi achinyamata, likhale lalifupi, ndipo musalole kuti kuthawa panyumba kuoneke ngati ulendo wokoma, chifukwa pakati pa owerenga anu padzakhala mwana amene chikwama chake chili kale pansi pa bedi. Kumapeto kwa buku muikepo nambala ya foni yothandiza ana. M'maiko ambiri a mu Africa nambala yaulere imeneyi ndi 116, ndipo ku Ulaya ndi 116 111.

Pampondachimera pa nkhani yanu, musamupatse mwanayo mphamvu zoti agonjetse bambo wamfuti ndi zibakera. Musabweretsenso munthu wamkulu woti amalize zonse iye ataima pambali. Chimene wakhala akuchisowa kuyambira tsamba loyamba ndi munthu womukhulupirira, choncho chigonjetso chake chikhale chakuti wapeza njira yoti choonadi chimveke pamaso pa anthu amene sangachikwirire, ndipo njirayo ikhale yoti mwana yekha ndiye akanaiganiza. Akabwerera kwa amayi ake, asabwerere mmene anachokera. Mwina usiku woyamba agone pansi, pafupi ndi chitseko, nsapato zili kumapazi.

Tsopano ndibwerere kwa inu, mayi. Masiku awiri amene mukuwatchula kuti "okha" si ochepa kwa mtsikana wa zaka 13. Ndikukhulupirira kuti mitu isanu yoyamba ija inayenda bwino chifukwa thupi lanu likukumbukira mmene mdima umamvekera kwa mwana amene alibe kolowera. Ndikuganizanso kuti mwina mwamupatsa mnyamatayo nzeru za munthu wamkulu pofuna kumuteteza ku zimene inu munamva. Zimenezo si zochititsa manyazi. Koma buku lisakudyereni thanzi. Mitu ya usiku muziilemba masana, ngakhale ndi Loweruka lokha, ndipo mukamaliza muzichita kanthu kokubwezerani m'nyumba mwanu, kucheza ndi ana anu kapena kuyenda pang'ono. Simuli okakamizidwa kuika m'buku chilichonse chimene chinakuchitikirani. Mungatengeko kuzizira kwa usiku ndi kugunda kwa mtima, zina zonse n'kuzisunga. Ngati mwa ampangankhani anu muli wina wofanana ndi munthu weniweni wa m'moyo wanu, musintheni mokwanira kuti asazindikirike.

Kusowa tulo kukapitirira milungu iwiri kapena itatu, kapena mukayamba kulota zomwe zija mobwerezabwereza, kudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, kupsa mtima ndi ana popanda chifukwa, kapena kuona ngati zakalezo zikuchitikanso muli maso, imani kaye kulemba mukaonane ndi mlangizi wa zamaganizo kapena dokotala. Zimenezi zimachizika, ndipo anthu ambiri amapepukidwa akangoyamba kuzikamba ndi munthu wodziwa kumvetsera. Maganizo ofuna kudzipweteka akabwera, musadikire milungu, pitani tsiku lomwelo. Ndipo ngati chimene chinakuthawitsani panyumba chinali munthu amene mpaka lero ali pafupi ndi ana, chimenecho muuze oteteza ana mwamsanga, buku lidikire.

Mkonzi wa mabuku musamufune panopa. Mudzamufune mukalemba mawu omaliza, bukulo n'kuligoneka mwezi wathunthu, n'kuliwerenganso nokha. Sabata ino mutu 14 muusiye mmene ulili. Bwererani kumayambiriro, pakati pa mutu wachiwiri ndi wachitatu, mulembe m'mawa uja mnyamata akugogoda pachitseko cha aphunzitsi ake, phula la kandulo likadali pa chala chake. Mukaulemba munditumizire, ndidzauwerenga.